Dona Amene Anadya Yekha

Gerishomo anafika kwa Mwambo tsiku Loweruka dzuwa lili pamutu, pa njinga yobwereka, thalauza atalipinda mpaka m'mawondo chifukwa cha matope a m'dambo. A Alefa, agogo ake amene anamulera kuyambira pamene mayi ake anamwalira, anamuona akadali patali. Sinali Khirisimasi. Mwana wogwira ntchito m'tauni akatulukira pakati pa chaka osatumiza mawu, usathamangire kululutira. Yamba wayang'ana kumbuyo kwake ngati kukubwera ena.

Kumbuyo kunalibe munthu.

"Akazi anga, mwakalamba bwanji chonchi ine kulibe?" anatero Gerishomo akutsamiritsa njinga pankhokwe.

"Choka apa, mwamuna wanji wobwera chimanjamanja. Akuchotsa ntchito?"

"Ayi, anganga."

"Wayankhula kanthu kumeneko?"

"Anganga, ndipatseni madzi kaye."

Gerishomo ankagwira ntchito ku koleji ya ku Zomba. Sanali mphunzitsi ayi. Iye ntchito yake inali ya alendo: kuwapezera pogona, kuwafunira galimoto, kuwamasulira Chinyanja. Atamwa madzi anapukuta pakamwa n'kufotokoza chimene anadzera. Ku koleji kunali kutabwera aphunzitsi a m'makoleji a kunja, kwa azungu. Anthu amenewa ndi amene amaperekeza ana a sukulu a kwawo akamapita kukaphunzira m'mayiko a eni. Tsopano anali atabwera pa kosi, kudzaphunzira iwo eni kaye asanabweretse ana a anthu.

"Aphunzitsi kuphunziranso?" anatero a Alefa. "Ndiye kuti analephera."

"Sanalephere. Mverani. Ayamba akhala m'kalasi ku Zomba, tiwaphunzitse moni, kavalidwe, zoyenera ndi zosayenera. Akatero aliyense tikamusiya pakhomo pa munthu kumudzi masiku ochepa, agone, adye, aone mmene ana awo adzakhalire. Ena apita kumpoto, kupitirira Mzimba uko. Mmodzi abwera kuno ku Chilwa. Akabwerako akhala pansi asankhe malo amodzi. Kumene asankheko n'kumene ana awo azidzabwera chaka ndi chaka, ndipo wowayang'anira ndine. Akasankha kumpoto, andisamutsira komweko. Akasankha kuno..."

Analoza ndi chibwano pachulu chimene chinali kuseri kwa khola la nkhuku.

"Apo ndimangapo nyumba ya malata. Muzidzandimva ndikutsokomola m'mawa."

A Alefa anayang'ana pachulupo nthawi yaitali. Pakhomo pawo panali patakhala zii zaka zambiri. Akadzuka ankayankhula ndi nkhuku, akamagona ankayankhula ndi Mulungu, ndipo pakati apa ankangomva mawu a ena kumakomo kwa ena.

"Boma likudziwa?"

"Likudziwa. Ngakhale a tcheyamani a chipani, a Bizweki, ndawauza pobwera pano."

"Wayambira kwa Bizweki usanandione ine?"

"Kodi si mmene munandiphunzitsira?"

Zinali zoona. Gerishomo anapitiriza.

"Mlendoyo ndi mayi wachikulire, dzina lake Virginia, ndipo agona pano. Chimene ndikupempha n'chimodzi, anganga. Mumulandire bwino. Akachoka pano asakalakelake kwina."

"Usandiphunzitse za alendo iwe. Ndinayamba kulandira alendo mayi ako asanamere mano."

Masiku amenewo munthu sunkangotsegula pakamwa. Amene sanaone amayesa nthabwala, koma a Alefa anaona ndi maso awo. Anali ndi mwana wamwamuna, Jafeti, malume ake a Gerishomo, mphunzitsi wa pulayimale wokonda kuseka. Tsiku lina padoko la Kachulu anakumana ndi munthu wachilendo wovala bwino, amene anamugulira tiyi n'kumufunsa za moyo wa kuno. Jafeti anayankha moseka monga mwa chizolowezi chake. Posakhalitsa kunabwera Landirova pasukulu, ndipo Jafeti anakwera ali ndi choko m'manja. Sanabwerenso. Kuyambira pamenepo anthu anasiya kuwaitana amake Jafeti, n'kumangoti a Alefa, ngati mtsikana amene sanaberekepo.

Choncho Gerishomo atabwerera ku Zomba, a Alefa anayamba ntchito ziwiri. Yoyamba inali ya manja. Anazira nyumba ndi dothi lakuda la kudambo, anatulutsa mphasa yawo n'kusamukira kukhitchini, anakabwereka mpando ndi tebulo ku tchalitchi, ndipo anapatula mpunga wa faya, wonunkhira uja, umene ankasungira matenda kapena maliro. Ntchito yachiwiri inali ya miyendo. Anayenda khomo ndi khomo.

Anayambira kwa a Elenala, mnzawo wa ku Mvano, amene anawapeza akuyanika matemba pamphasa.

"Inu a Elenala, pakamwa panu ndimapadziwa. Akafika dona uja, moni wokha basi."

"Iii, ndiye tisamuone n'komwe? Akuti tsitsi lawo limakhala ngati ndevu za chimanga. Ine ndikufuna ndiligwire."

"Muonere patali."

"Nanga akandifunsa dzina ndimuuze kuti ndilibe?"

"Mukuseka, eti? Inu mudzanena kuti feteleza wakwera mtengo. Iye akanena ku Zomba kuti anthu a ku Chilwa akudandaula. Ku Zomba afunsa kuti anadandaula ndani. Mukuganiza adzatenga inu ndi matemba anuwa? Adzatenga amene anamubweretsa."

A Elenala anasiya kuseka. Anatembenuza matemba ndi dzanja osayang'ana mnzawo.

"Ndamva, amwali," anatero.

Kwina anachenjeza za Chilomwe, kuti wina asayerekeze kuchiyankhula pamaso pa mlendo. Makolo a mabanja ambiri a m'mudzimo, ndi makolo awo a Alefa omwe, anachokera kutsidya kwa nyanja, ku Mozambiki, ndipo nthawi imeneyo kutsidyako kunali nkhondo. Mzungu akamva chiyankhulo china afunsa kuti n'cha kuti, ndipo funso limakoka linzake. Anyamata anawauza kuti wayilesi aziyatsira m'nyumba. Ana anawauza kuti dona uja akubwera ndi jakisoni wamkulu ngati munsi, wobaya aliyense womuyandikira. Pofika madzulo miyendo inkawawawa, koma mtima unali pansi. Mudzi unali utatsekeka bwino.

Dona anafika ndi Gerishomo pa galimoto ya koleji, imene inaima kumsewu chifukwa cha matope. Anali wowonda, wa imvi, nkhope itafiira ndi dzuwa. Chitenje anachimanga ndi lamba wachikopa kuti chisagwe. Atafika pabwalo anapinda maondo mosazolowera n'kuwomba m'manja.

"Muli bwanji, amayi?"

Mawuwo anatuluka okhota, koma anali Chinyanja. A Alefa anagwada pataliko n'kuyankha maso ali pansi. Anadikira kuti Gerishomo alowetse katundu wake nayenso, koma iye anangotula chikwama cha mlendo n'kuyang'ana kumsewu.

"Ine ndikubwerera, anganga. Lamulo la kosi ndi lakuti womasulira asakhalepo. Ana awo akadzabwera sadzakhala ndi Gerishomo pakhomo lililonse."

"Ukundisiya ndekha ndi mzungu?"

"Ndi munthu, anganga. Saluma."

Anapita. A Alefa anatsala chiimire pabwalo ndi mlendo amene ankamwetulira, osadziwa poika manja ake.

Madzulo amenewo anapha tambala. Anaphika mpunga woyera, wosapsereza ngakhale pang'ono, n'kuutengera m'nyumba pamodzi ndi madzi ofunda osamba m'manja. Anaika zonse patebulo, navundukula mbale, nabwerera chammbuyo. Dona anaimirira msanga, nakoka mpando uja kuwalozera, kenako anayang'ana kudenga kufunafuna mawu amene anamuphunzitsa ku Zomba.

"Tidye," anatero. "Amayi, tidye."

"Zikomo," anayankha a Alefa, natseka chitseko bwinobwino.

Mlendo wolemekezeka sumamuyang'ana pakamwa akamadya. Umamusiya yekha kuti atafune momasuka, aswe fupa ngati akufuna, asiye chimene sakuchikonda popanda manyazi. Abusa akabwera amadya okha. Akuluakulu a boma amadya okha. Nanga munthu wochokera kutali chotere, amene tsogolo la mdzukulu wako lili m'manja mwake, ungakhale naye mbale imodzi ndi zala zako zong'aluka ndi khasu? A Alefa anakhala kukhitchini kumvetsera supuni ikugunda mbale. Inagunda pang'ono, kenako inaleka.

M'mawa mwake anadzidzimuka ndi phokoso la tsache. Dona anali pabwalo, ataweramira pansi, akusesa mokhotakhota. A Alefa anathamanga osamanga ndi duku lomwe.

"Ayi, ayi, ayi! Pepani, pepani!"

Analanda tsachelo n'kulibisa padenga la nkhokwe. Anatulutsa mpando wa ku tchalitchi, nauika pamthunzi wa mpoza, namukhazika pamenepo. Atanyamula ndowa kuti apite kuchitsime, anaona dona akutsatira ndi chidebe m'manja. Anamubweza pampando. Atayamba kusinja mpunga, dona anabwera n'kugwira munsi wachiwiri, akuseka, akulozera pachifuwa pake. A Alefa anamasula zala zake pamunsiwo chimodzichimodzi, mwaulemu, ngati mmene umalandira mpeni kwa khanda. Munsi umatupitsa manja. Akakabwerera ku Zomba ndi matuza, akuluakulu a ku koleji akati chiyani? Akati mdzukulu wa mayi uja anapereka mlendo wa boma ku ukapolo.

Ndiye dona anakhala pampando. Dzuwa likasuntha, a Alefa ankabwera kudzasuntha mpandowo kutsata mthunzi.

Amayi a m'mudzi ankadutsa patali ndi mitolo ya nkhuni, n'kumayang'ana cham'mbali. Dona akakweza dzanja n'kufuula kuti "Muli bwanji!" iwo ankayankha mofulumira n'kuwonjezera liwiro. A Elenala, amene pakamwa pawo sipankatsekeka ngakhale m'tchalitchi, anangoti "Tili bwino, kaya inu," n'kukhotera kuseri kwa nthochi. Ana ankasuzumira m'mipata ya mpanda. Dona anatulutsa masiwiti m'thumba n'kuwatambasulira dzanja, ndipo ana anabalalika akukuwa, wina mpaka kugwa m'ngalande. Dona anayang'ana masiwitiwo m'dzanja lake, kenako anawabwezera m'thumba.

A Alefa anaona zonsezi ali pamtondo, ndipo anayamika mumtima kuti anthu a m'mudzi mwawo amamva.

Tsiku lotsatira, dzuwa litapendeka, anabwera kuchokera kudimba n'kupeza mpando uli wokha. Dona panalibe. Anayang'ana m'nyumba, kubafa, kuchimbudzi. Kenako anaona mapazi a nsapato m'matope akulowera kunyanja, ndipo anawatsata akupemphera chamumtima.

Anamupeza kumene minda ya mpunga imathera, pamene pamayambira njedza, udzu wa m'madzi uja. Anaima yekha, nsapato zili m'manja, akuyang'ana madzi otuwa aja. Chilumba cha Chisi chinkaoneka bwino tsiku limenelo, ndipo kuseri kwake, kutali, mapiri a kutsidya anali buluu. Chapafupi asodzi awiri ankasoka ukonde pabwato, ndipo anali atasiya kusokako.

Dona atawaona a Alefa nkhope yake inawala. Analoza chilumba.

"Chisi," anatero, monyadira kuti akudziwa. Kenako anakweza chala kuloza mapiri aja. "Uko? Kuti?"

A Alefa ankawadziwa mapiri amenewo. Mayi awo ankawatchula mayina limodzilimodzi akamapeta mpunga, n'kumanena kuti pansi pa lakuti pali mtengo wakuti pamene anakwirira agogo ako. Panalibe munthu amene anawafunsapo a Alefa za mapiri amenewo, ngakhale Gerishomo. Mayinawo anafika pakamwa, okoma ngati mmene ankawatchulira mayi awo. Koma asodzi aja anali chete, makutu ali kuno.

"Madzi basi," anatero a Alefa. "Tiyeni. Kuli udzudzu."

Anagwira nsonga ya chitenje cha dona n'kumutsogolera kumudzi.

Atafika, dona analowa m'nyumba osadikira kuuzidwa. A Alefa anakhala pakhonde kusankha nyemba. Patapita kanthawi anamva kaphokoso mkatimo, ngati munthu wodwala chimfine. Anatchera khutu. Sichinali chimfine. Kulira kwa munthu wamkulu amene sakufuna kumveka a Alefa ankakudziwa bwino, chifukwa kukhitchini kwawo komwe kunkamveka kulira kotero zaka zambiri. Anaika lichero pansi. Anaimirira n'kufika pachitseko, dzanja lili m'mwamba kuti agogode.

Belu la njinga linalira kumbuyo kwawo. Anali a Bizweki, tcheyamani wa chipani, phazi limodzi lili pansi.

"Mlendo wathu ali bwanji, a Alefa?"

"Ali bwino, bambo. Akupumula."

"Akuti chiyani za kuno?"

"Sayankhula."

"Anthu sakumuvutitsa ndi nkhani?"

"Palibe ndi mmodzi yemwe."

"Mwagwira ntchito," anatero a Bizweki, napalasa njinga.

A Alefa anatsitsa dzanja lija. Anaganiza kuti mwina chamuliza ndi ndiwo, pakuti masana anamupatsa mlamba, ndipo anthu ena mlamba sadya. Anapita kukhola n'kugwira thadzi lawo lomaliza, limene linali litangoyamba kuikira.

Tsiku lomaliza, masana, anapereka chakudya m'nyumba monga mwa nthawi zonse. Iwo anakakhala kuseri kwa khitchini, pafupi ndi dzala, pamene ankadyera masiku onsewa kuti mlendo asawaone. Anali ndi mphika pamiyendo, akukokota nkhoko za mpunga ndi chigoba, ndiwo zake msuzi wotsala. Anamva mapazi. Asanabise mphikawo, dona anali atafika kale, mbale yake ili m'manja.

Dona anawayandikira. Anapinda chitenje n'kukhala pansi, padothi penipeni, phewa lake kukhudza phewa la a Alefa. Anatenga ntchafu ya nkhuku m'mbale mwake n'kuiika mumphika wawo. Kenako anatambasula dzanja, natola kankhoko mumphikamo, naika m'kamwa, natafuna. Anawayang'ana. Maso ake anali otupa.

Phewa lija linali lofunda. A Alefa sankakumbukira tsiku lomaliza limene munthu anakhala nawo pafupi chotere. Fungo la sopo wa dona linasakanikirana ndi fungo la phulusa, ndipo kwa kanthawi kochepa dzanja lawo linapita lokha kuntchafu ija.

Kenako anakumbukira pamene anali. Kuseri kwa khitchini. Padzala, pamene amataya mamba a nsomba ndi nthenga. Ndipo mpanda wa kumeneko unali wothyoka, moti aliyense wodutsa m'njira ya kuchitsime akanatha kuona mlendo wa boma atakhala m'phulusa, akudya nkhoko ngati mwana wamasiye. Nkhani yotere siigona. Mawa ili kwa Bizweki, mkuja ili ku Zomba.

Anaika mphika pansi n'kudzuka. Anathamangira kukatenga mpando, naubweretsa, nagwada pataliko akuwomba m'manja.

"Pepani, dona. Chonde. Pampando."

Dona sanadzuke. Anawayang'ana a Alefa ali chigwadire, anayang'ana mpando, kenako anaweramitsa mutu n'kupitiriza kudya pomwepo, pang'onopang'ono, mpaka mbale inatha. A Alefa anagwada mpaka maondo anachita dzanzi. Ntchafu ija inatsala mumphika, ntchentche zikuizungulira.

Gerishomo atabwera kudzamutenga, dona anagwira manja onse awiri a a Alefa n'kuyankhula Chingerezi chachitali. Gerishomo ankamvetsera akuyang'ana pansi.

"Akuti chiyani?"

"Akuti zikomo. Akuti chakudya chotere sanadyepo. Ndiponso akuti pepani chifukwa chokuvutitsani."

"Pepani wa chiyani? Muuze kuti sanativutitse. Gerishomo, ndinamusunga mlendo wako. Sanagwire tsache, sanagwire ndowa. Palibe mwana anamukhudza, palibe munthu anamuuza kanthu. Ukamuyang'ane m'manja, alibe ndi thuza lomwe."

Gerishomo anawayang'ana agogo ake. Ananyamula chikwama cha dona ndi kathumba ka mpunga kamene a Alefa anamupatsa, ndipo anapita kumsewu.

Mvula inatha. Madzi a m'dambo anayamba kuphwa, mpunga unaweramitsa ngala. A Alefa anabweza mpando ndi tebulo ku tchalitchi n'kubwerera m'nyumba mwawo. Galimoto ikalira kumsewu ankasiya chimene akuchita n'kuima.

Gerishomo anabwera pa basi, atavala jekete, ndipo sanawatche akazi ake. Anakhala pakhonde n'kumazunguza chipewa m'manja.

"Asankha kumpoto, anganga."

A Alefa anakhala pansi bwinobwino, natambasula miyendo.

"Dona uja anakatinenera zoipa?"

"Ayi. Pamsonkhano anakuyamikirani kwambiri. Anati ndinu mayi waulemu, waukhondo, ndipo munadzimana chifukwa cha iye. Koma anati anthu a kuno sakufuna alendo, akuwaopa, ndiye si bwino kuwakakamiza. Anati iye ndi wamkulu, anapirira. Koma mwana wa sukulu, kutali ndi mayi ake, miyezi yathunthu osayankhulidwa ndi munthu, akhoza kudwala."

"Nanga a kumpoto aja anachita chiyani chimene ine sindinachite?"

"Mnzake wina amene anapita kumeneko anabwera ndi matuza m'manja monsemu. Anamulimitsa, anamusenzetsa madzi, anamuvinitsa. Anamupatsa ndi dzina la kwawoko. Pamsonkhano ankangoonetsa matuzawo, anthu n'kumawomba m'manja."

"Kumulimitsa mlendo! Anthu opanda mwambo."

"Anganga, a Elenala andiuza. Munayenda khomo ndi khomo."

"Ndinayenda, inde. Ndipo iwe uli pano. Wabwera ndi miyendo yako, wakhala pakhonde panga. Alipo wakufunsa kanthu ku Zomba? Alipo wakuitana ku ofesi?"

"Palibe."

"Ndiye ndinalakwa pati?"

Gerishomo anayang'ana mkati mwa chipewa chake.

"Simunalakwe, anganga."

Gerishomo sanagone pakhomopo. Galimoto ya koleji yopita kumpoto inkanyamuka m'mawa mwake, ndiye anayenera kubwerera ndi basi ya masana. A Alefa anamuperekeza kumsewu, ndipo njira yonse pakamwa pawo sipanapume. Kumeneko anthu ake ndi ena, usadye paliponse. Khadi ya chipani iziyenda nawe ngakhale popita kosamba. Munthu akakugulira tiyi, imwa, koma usamuyankhe. Ana a azunguwo akakufunsa za boma uziti zonse zili bwino. Akazi a kumeneko amalowoledwa, ukakwatira ana sadzakhala athu, kaya, usapupulume. Kumazizira, usagone chifuwa chili pamtunda. Gerishomo ankangoti "Ndamva, anganga," mpaka basi inatulukira m'fumbi.

Anakwera, napeza malo pawindo. Basi itayamba kuyenda, a Alefa anayenda nayo m'mbali akufuula kuti asatulutse mkono pawindo. Gerishomo anabweza mkono umene ankawatsazikira nawo.

Fumbi litakhazikika m'pamene a Alefa anazindikira kuti pa mawu onse aja sanamufunse kuti adzabwera liti.

Sanapite kunyumba. Anatsikira kumunda kwawo, kumene mpheta zinali zitatera pampunga ngati mtambo. Minda ya ena inali ndi ana ndi adzukulu, aliyense pangodya pake, akuitanizana mayina ndi kuseka. A Alefa anatola chitini ndi kamtengo, nakwera pamzere, nayamba kumenya.

"Haa! Chokani! Haa!"

Mpheta zinauluka zonse n'kukatera m'munda wa a Elenala. M'munda mwawo munalibenso mbalame ngakhale imodzi, koma iwo anapitiriza kumenya chitinicho ndi kufuula mpaka mawu anasasa.